Jekete ya mvula ya wopalasa njinga mu Lusaka: mmene mungaisankhire

Chizimalupsa chikangogwa, funso limabwera lomwelija: ndigule jekete yotani kuti ndizifika ku ntchito ndisanavumbwe? Pofika mu Januwale funsolo limasintha pang'ono: ndinagula jekete yolembedwa kuti silowa madzi, nanga bwanji malaya akunyowabe? Mafunso awiriwa tawayankha kambirimbiri, kwa amene amapalasa kuchokera ku Chelstone kulowa m'tauni m'mawa uliwonse, kwa onyamula katundu ku msika wa Soweto, ndi kwa achinyamata othamangitsa njinga pa Leopards Hill Road Loweruka. Yankho lonse talilemba pano.

Musanayambe, gwirani mfundo iyi. Madzi amene amanyowetsa wopalasa njinga amachokera mbali ziwiri, kumwamba ndi m'thupi. Majekete ambiri amene amafika kuno anasokedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene mvula kawirikawiri imagwa kunja kukuzizira. Yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, masana kukutentha madigiri 25 kapena kupitirira, mpweya utadzaza chinyezi. Jekete imene imatsekereza mvula koma n'kusunga thukuta idzakunyowetsani ndithu. Choncho pa sitepe iliyonse muzifunsa zinthu ziwiri: kodi madzi alowera pati, nanga kutentha kwa thupi kutulukira pati?

1. Yezani ulendo wanu

Muyeze ndi mphindi zimene mumakhala pa chishalo, osati makilomita okha. Ngati mumapalasa mphindi 15 pang'onopang'ono, pamalo osakwera, jekete iliyonse yosalowa madzi ikukwanirani, ngakhale ya pulasitiki. Thupi limakhala lisanatenthe kwenikweni. Ngati ulendo ndi wa mphindi 30 mpaka ola, monga kuchoka ku Matero kapena ku Chawama kupita tsidya lina la tauni, thukuta ndilo vuto lalikulu, ndipo sitepe 4 ndi yanu. Ngati mumakhala pa njinga tsiku lonse mutasenza matumba a makala kapena makireti pa kaliyala, mukufuna nsalu yolimba imene singang'ambike ikakhulana ndi chingwe kapena waya.

Ganiziraninso za mvulayo. Lusaka imalandira mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, yambiri mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Kawirikawiri imabwera masana kapena madzulo ndi mabingu, kukhuthuka mwamphamvu, kenaka n'kukata. Ya mtundu umenewu nzeru n'kuusa pakhonde la sitolo, makamaka kukamang'anima, chifukwa palibe jekete yoteteza ku mphezi. Jekete mumaifunira mvumbi wa tsiku lonse uja, ndi mvula imene yakupezani panjira popanda pousa. Ikhale yoti ipindike n'kulowa m'chikwama, chifukwa masiku ambiri idzakhala m'menemo.

2. Dziwani mitundu itatu ya nsalu

Woyamba ndi wa pulasitiki yokhuthala ya PVC, marenikoti aja a jekete ndi thalauza amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira ndi ku Kamwala. Madzi salowa n'komwe, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo akang'ambika amamatika. Koma nthunzi ya thupi situluka ngakhale pang'ono. Ndi abwino kwa mlonda woima pageti, kapena wa njinga yamoto amene miyendo yake sikugwira ntchito.

Wachiwiri ndi nayiloni kapena poliyesitala yopakidwa mkati mankhwala otchedwa PU. Mukaitembenuza, mkati mumaoneka moyera kapena motuwa, mosalala ngati penti. Majekete ambiri a mtengo wapakati ndi otere. Ndi opepuka, ena amatulutsako nthunzi, koma PU imakalamba: ikakhala zaka zingapo pamalo otentha ndi achinyezi imayamba kunanda kenaka kusupuka.

Wachitatu ndi wokhala ndi nembanemba yopyapyala yomatidwa kunsi kwa nsalu. Dzina lodziwika kwambiri ndi Gore-Tex. Bob Gore anatulukira nembanemba imeneyi mu 1969 atakoka mwadzidzidzi pulasitiki ya PTFE yotenthetsedwa, ndipo nsalu zake zinayamba kugulitsidwa mu 1976. Ili ndi timabowo timene eni ake amati n'tochepa kuwirikiza 20,000 poyerekeza ndi dontho la madzi, koma n'tokwanira kuti nthunzi idutse. Makampani ena ali ndi zawo: eVent, Pertex Shield, DryVent ya The North Face, H2No ya Patagonia, Omni-Tech ya Columbia.

Pa malebulo mudzaona 2L, 2.5L kapena 3L. Kumeneku n'kuwerenga zigawo zosanjikizana. Ya 2L ili ndi nsalu yakunja ndi nembanemba, ndiye mkati amalendeweramo kansalu kaukonde. Imalemera ndipo imatentha. Ya 2.5L ilibe kansalu kamkati, anangodindamo timadontho kapena timizere toteteza nembanemba. Ndi yopepuka, imapindika n'kukhala ngati chibakera, koma imamatirira pakhungu lathukuta ndipo imatha msanga pakhosi. Ya 3L zigawo zitatu zonse zinamatidwa kukhala nsalu imodzi. Ndiyo yolimba ndi yokoma kuvala, ndipo mukaipeza ili bwino pa salaula, pamene amagulitsa zovala zakale zochokera kunja, musaisiye. Kwa wopita ku ntchito tsiku ndi tsiku, 2.5L kapena 3L yopanda zofunditsa mkati ndiyo yoyenera.

Cholakwa chimene timachiona chaka ndi chaka: kugula jekete yokhuthala ya pachipale chofewa, yokhala ndi thonje kapena ubweya mkati, poganiza kuti kulemera ndiko kulimba. Imeneyo muisungire Juni ndi Julaye.

3. Werengani mawu ndi manambala a pa lebulo

Mawu achingerezi awiri amasokoneza anthu. Pakalembedwa water-resistant kapena showerproof, ndiye kuti nsaluyo imangopirira mvula yowaza kwa mphindi zochepa. Mukufuna polembedwa waterproof. Ngakhale dzina la Gore-Tex lili pawiri: lebulo yakuda ndiyo ya jekete yosalowa madzi, pamene yoyera, yolembedwa Infinium kapena Windstopper, ndi ya nsalu yotchinga mphepo.

Nambala yoyamba imalembedwa m'mamilimita, monga 5,000 mm kapena 10,000 mm, ena amangoti 10K. Poyesa, amakanikiza madzi pansaluyo mpaka madontho atatulukira kuseri. Nsalu ya 10,000 mm imapirira kulemera kwa madzi oimikidwa m'chipaipi chotalika mamita 10. Ya 5,000 imakwanira mvula wamba, koma pamene malamba a chikwama akukanikiza phewa madzi amatha kudutsa. Wonyamula chikwama kumsana ayambire pa 10,000. Kupitirira 20,000 simudzaona kusiyana pamsewu.

Nambala yachiwiri ndi ya kutulutsa nthunzi, yolembedwa g/m²/24h: magalamu a nthunzi amene amadutsa pa sikweya mita imodzi ya nsalu pa maola 24. Ya 5,000 ndi yochepa kwa wopalasa, 10,000 ndi yapakati, 20,000 ndi yabwino. Ena amalemba RET m'malo mwake, muyeso wa mmene nsalu imatchingira nthunzi, ndipo apa nambala yaing'ono ndiyo yabwino: yosafika 6 ndi yapamwamba, 6 mpaka 13 ndi yabwino, yopitirira 20 musaiyembekezere kutulutsa kanthu. Manambala a g/m² a makampani awiri osiyana musawafanizire kwambiri, chifukwa njira zoyesera ndi zingapo ndipo zimapereka zotsatira zosiyana.

Pomaliza funani mawu a misoko. Fully taped ndiye kuti msoko uliwonse unamatidwa tepi. Critically taped ndiye kuti anamata paphewa ndi pachipewa pokha.

4. Funani potulukira mpweya

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo kwa ife ndi pamene pagona nkhani. Tiyeni tiwerengere limodzi. Nsalu ya 10,000 g/m²/24h, mukagawa ndi maola 24, imatulutsa magalamu pafupifupi 400 pa ola pa sikweya mita. Jekete imaphimba pafupifupi sikweya mita imodzi ya khungu la munthu wamkulu. Ndiye kuti zonse zikakhala bwino, imatulutsa madzi osakwana theka la lita pa ola. Munthu wopalasa mwamphamvu kunja kukutentha amatha kutuluka thukuta lokwana lita yathunthu pa ola. Lotsalalo limakhala m'malaya anu.

Ndipo zonse sizikhala bwino. Nthunzi imayenda kuchoka kumene kuli kotentha ndi konyowa kupita kumene kuli kozizira ndi kouma, monga mmene zovala zimaumira msanga mu Ogasiti koma kukana kuuma mu Januwale. Kunja kukakhala madigiri 5, kusiyana kwa mkati ndi kunja kwa jekete n'kwakukulu ndipo nembanemba imagwira ntchito. Kunja kukakhala madigiri 24 mvula ikugwa, mpweya wakunjawo wakhuta kale madzi, ndipo mphamvu yokokera nthunzi kunja imachepa kwambiri. Ngakhale jekete yodula kwambiri imafooka pa nyengo yathu. Sikuti ndi yachinyengo. Umo ndi mmene nsaluzi zimagwirira ntchito.

Chimene chimakupulumutsani ndi mphepo yodutsa mkati mwa jekete. Wopalasa ali ndi mwayi umene woyenda pansi alibe: mphepo imamuomba kutsogolo nthawi zonse. Ingofunika polowera ndi potulukira. Yang'anani izi.

Mazipi a m'khwapa. Amenewa ndi ofunika kuposa nambala iliyonse ya pa lebulo. Akhale aatali, kuchokera pamkono kutsika m'nthiti, masentimita 25 kapena kuposa, ndipo mukhoze kuwatsegula ndi dzanja limodzi. Popeza ali kunsi kwa mkono, mvula siwapeza ngakhale ali otsegula.

Khomo la kumsana: kansalu kophimba kopingasa pamapewa, kunsi kwake kuli ukonde. Mphepo yolowera kutsogolo imatulukira pamenepo. Koma chikwama chikakhala kumsana chimatseka khomolo, ndiponso pansi pa chikwama palibe nsalu imene imatulutsa nthunzi. Mangani chikwama pa kaliyala, mutachikulunga m'pulasitiki. Kusintha kumeneku kokha kumaumitsa msana kuposa kugula jekete yatsopano.

Kumapeto kwa mikono komasuka, kotseka ndi kalamba komata. Mukakamasula, mkono umasanduka chipaipi cholowetsa mphepo mpaka m'khwapa. Mikono ya lastiki yothina silola zimenezi.

Zipi yakutsogolo yotseguka mbali ziwiri, kumwamba ndi kunsi. Mumatsegula kunsi pang'ono pokwera chitunda, pachifuwa pali potseka.

Jekete ya PU yotsika mtengo yokhala ndi mazipi a m'khwapa ndi khomo la kumsana idzakusungani wouma mu Lusaka kuposa ya dzina lalikulu yotsekeka ponseponse. Mukakakamizika kusankha pakati pa ziwirizi, tengani yoyambayo. Palinso ponchi, chovala chija chobooka pakati chimene chimaphimba mpaka pa mahandulo. Mpweya umalowa kunsi konse ndipo imaphimba ntchafu. Kwa wopalasa pang'onopang'ono ndi yabwino, koma mphepo yamkuntho kapena ya lole yodutsa pa Kafue Road imakukankhani nayo, ndipo yaitali kwambiri imakodwa m'masipoko.

5. Tembenuzani jekete, muone mkati

Ambiri a ife timagula pa salaula, zovala zakale zochokera kunja zimene ku Malawi amati kaunjika. Mawu oti salaula ndi a Chibemba, kutanthauza kusankha m'mulu. Ku Soweto, ku City Market ndi m'misika ya m'makomboni mumapezeka majekete enieni a makampani odziwika, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi atsopano a m'masitolo a ku Manda Hill kapena East Park. Funsani wogulitsa tsiku limene amatsegula belo la majekete, mufike m'mawa, ndipo muyambe kufuna mu Seputembala kapena Okutobala mitengo isanakwere. Koma kumbukirani kuti mwini wake woyamba anali ndi chifukwa choitayira. Nthawi zina inangomuthina. Nthawi zambiri inayamba kudontha. Kunja kwake sikudzakuuzani chilichonse, chifukwa jekete yakufa imatha kuoneka yatsopano. Itembenuzeni yonse, ndi mikono yomwe.

Yambani ndi misoko. Singano iliyonse imene inadutsa pansaluyo inasiya bowo, ndipo mabowo amenewo amatsekedwa ndi tepi yopyapyala, yotambalala ngati chala, yomatidwa ndi moto pamwamba pa msoko. Ngati mukuona ulusi uli poyera popanda tepi ngakhale pamapewa, imeneyo si jekete ya mvula, kaya kunja kwalembedwa chiyani. Tepi ikakhalapo, itsatireni ndi chala kuyambira pakhosi, pamapewa, m'khwapa, mozungulira matumba. Kandani m'mphepete mwake ndi chikhadabo. Yabwino sinyamuka. Yakufa imatukuka, imachita chikasu, kapena imathetheka ngati pepala louma. Ikamatuka pamalo amodzi aafupi, imakonzeka. Ikamatuka pakhosi ndi pamapewa ponse, isiyeni, chifukwa guluu wa jekete yonse watha ndipo kwinako kukutsatira. Pa jekete ya 2L kansalu kaukonde kamabisa misoko: kokani ukondewo muyang'ane kupyolera m'timabowo take, kapena fufuzani tepiyo ndi zala. Ma Gore-Tex enieni nthawi zambiri dzinalo limadindidwa patepi pomwepo, ndipo ndi njira imodzi yozindikirira zachinyengo.

Kenaka kolala ndi kumbuyo kwa khosi. Mafuta a khungu ndi a tsitsi amadya nembanemba kuyambira pamenepa. Mukaona matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha, kapena nsalu ikuoneka yolekana ndi chamkati chake, yayamba kusupuka. Tikitani nsaluyo pakati pa zala ziwiri. Mukatsala ndi tizidutswa toyera ngati gaga, kapena zala zikananda, PU yafa ndipo palibe mankhwala oidzutsa. Inunkhizeninso. PU yowola imanunkha mowawasa ngati masanzi, ndipo fungo limenelo silichoka ndi kuchapa.

Yatsani tochi ya foni, muiike mkati mwa jekete, inu muyang'ane kunja, pamthunzi. Pamene kuwala kukutuluka ngati nyenyezi pali bowo. Pamene pakuwala kwambiri kuposa ponse, chopakacho chaperepeseka. Onani makamaka pamapewa, m'zigongono ndi m'chiuno.

Ikani nsaluyo pakamwa mupemerere mwamphamvu. Mpweya ukadutsa mosavuta, imeneyo ndi jekete ya mphepo chabe.

Zipi yakutsogolo ikhale ndi kansalu koiphimba kunja kapena kumbuyo kwake, kapena ikhale ya mtundu wokutidwa ndi labala. Ikokeni kukwera ndi kutsika katatu. Zipi yoduka mano musadalire kuti telala aisintha, chifukwa posoka yatsopano amaboola nsalu ndi kudula tepi.

6. Iyeseni ndi madzi musanalipire

Nyamulani botolo la madzi ndi kapepala kopukutira. Pemphani mwaulemu: "Amayi, ndingathireko timadzi pang'ono paphewa apa?" Wogulitsa wokhulupirira katundu wake sakana.

Kuyesa koyamba n'kwa kunja. Wazani madzi paphewa. Akapanga timibulu n'kugubuduzika ngati patsamba la koko, mankhwala othamangitsa madzi a kunja, amene amalembedwa DWR, akadalipo. Nsalu ikada n'kumwa madziwo, mankhwalawo atha. Pamenepa anthu ambiri amalakwitsa: kuda kwa nsalu sikutanthauza kuti jekete ikudontha. DWR imabwezeretsedwa, ndipo mungaitenge ngati chifukwa chopemphera kuti akutsitsireni mtengo.

Kuyesa kwachiwiri ndiko kwenikweni. Pangani kathumba ndi nsalu ya paphewa, msoko ukhale pansi penipeni, kunja kwa jekete kukhale mkati mwa kathumbako. Thiranimo madzi okwana theka la kapu, potokolani kukamwa kwake, mufinye bwinobwino kwa theka la mphindi. Gunditsani kapepala kunsi. Kakanyowa, jekete ikudontha. Kuzizira kokha si kudontha, n'chifukwa chake tikuti kapepala, osati dzanja. Bwerezani kumbuyo kwa khosi.

Jekete yatsopano ya m'sitolo simungaithire madzi pomwepo. Sungani lisiti, funsani masiku obwezera, ndipo mukafika kunyumba valani malaya otuwa mkati, wina akuthireni madzi ndi kheni yothirira ndiwo zamasamba kwa mphindi zisanu. Malaya otuwa amaonetsa dontho lililonse.

7. Ivaleni ngati muli pa njinga

Musakhulupirire saizi ya pa lebulo, chifukwa M wa ku America, wa ku Ulaya ndi wa ku China si mmodzi. Valani pamwamba pa zimene mumavala popita ku ntchito. Weramani kutsogolo, mutambasule manja ngati mwagwira mahandulo. Mikono ifikebe pamfundo ya dzanja. Kumbuyo kuphimbe lamba ndi matako, chifukwa pamenepo ndi pamene madzi a tayala lakumbuyo amafikira. Majekete osokedwera njinga amakhala aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo kuti asamaunjikane pamimba popalasa. Pamapewa pasakoke. Ikhale ndi mpata woti mphepo iyende, koma isakhale yaikulu mpaka kumapupiza, ndipo zingwe zolendewera muzimange zingakodwe m'chishalo.

Chipewa chake, chimene ambiri amati hudi, chiyeseni mosamala. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, ndiye wopalasa amacheuka cha kudzanja lamanja asanakhote kapena asanalambalale basi yaing'ono imene yaima kukweza anthu. Valani chipewacho mucheuke. Ngati mutu watembenuka koma chipewa chatsala, inu n'kumaona mkati mwa nsalu, chimenecho n'choopsa pa Great East Road kapena pa Lumumba Road. Chabwino chili ndi kachingwe kumbuyo kochimangira kumutu kuti chizitembenuka nanu. Chipewa chilichonse chimachepetsanso kumva hutala. Ngati mumavala chisoti chotetezera mutu, ndipo muyenera kutero, chipewa chopyapyala chimalowa kunsi kwa chisoti. Ambiri odziwa amachipinda m'kolala n'kuvala kapusi yokhala ndi mlomo kunsi kwa chisoti, kuti madontho asalowe m'maso. Kolala ifike pachibwano ikatsekedwa.

8. Mtundu wake uoneke

Mvula ikamagwa madzulo, woyendetsa galimoto amaona kupyolera m'galasi lochita nthunzi, ndipo misewu yambiri ilibe magetsi. Sankhani yachikasu, yalalanje kapena yofiira yowala, yokhala ndi timizere tonyezimira kumsana ndi m'mikono, popeza mkono ndi umene mumalozera nawo pokhota. Jekete yabwino ikapezeka yakuda, igulenibe, muvale vesiti yonyezimira ya ukonde pamwamba pake. Musasokere timizere tonyezimira pajeketepo, chifukwa singano imasiya mabowo. Nyali yofiira kumbuyo ndi yoyera kutsogolo zikhalepobe.

9. Konzani zimene jekete singachite

Malaya a thonje amamwa thukuta n'kulisunga. Mkati valani jezi ya mpira ya poliyesitala, malaya a ku ntchito akhale m'pulasitiki, mukasinthe mukafika. Ya mikono yaitali yopyapyala imathandiza kuti jekete ya 2.5L isamatirire pakhungu. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mvula yamadzulo ikabwera ndi mphepo, munthu wonyowa thukuta amanjenjemera akangoima. Tsekani mazipi a m'khwapa mukaima, muwatsegule mukanyamuka.

Ikani madigadi, kutsogolo ndi kumbuyo. Madzi a pamsewu ndi amatope, ndipo matope ndi amene amapha DWR msanga. Kumene madzi amasefukira, monga ku Kanyama, tsikani muikankhe njinga, chifukwa pansi pa madziwo pamabisala maenje ndi ngalande zosavundikira. Chepetsaninso liwiro: kupalasa mofatsa kumachepetsa thukuta, komanso mabuleki a labala amachedwa kugwira rimu ikanyowa.

10. Ichapeni, ndipo muichape moyenera

Ena amaopa kuchapa poganiza kuti mankhwala achoka. Chimene chimaononga jekete ndi litsiro, thukuta ndi mafuta odzola. M'dzinja muichape kamodzi pa mwezi ngati mumaivala tsiku ndi tsiku, ndipo kolala muziipukuta ndi kansalu konyowa mlungu uliwonse.

Tsekani mazipi onse. Gwiritsani madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30 kapena 40 malinga ndi lebulo, ndi sopo wamadzi wochepa. Sopo wopangidwira nsaluzi, monga Nikwax Tech Wash kapena Grangers, ndiye wabwino mukamupeza. Sopo waufa ndi wa phala amasiya zotsalira zimene zimakoka madzi. Mankhwala ofewetsa zovala ndi oyeretsa monga Jik asayandikire. Musaikhule pamwala, musaipotokole pofinya. Tsukuluzani kawiri kapena katatu, muyanike pamthunzi.

DWR imadzuka ndi kutentha pang'ono. Jekete ikauma, yalani thaulo lopyapyala pamwamba pake, musite kunja kwake ndi simbi yamagetsi yochepetsedwa moto kwambiri, yopanda nthunzi. Amene ali ndi makina oumitsira zovala aiikemo mphindi 20 pa moto wochepa. Simbi yamakala ayi, moto wake suyezeka ndipo imasungunula tepi. Ya PVC siisitidwa n'komwe. Madzi akapanda kugubuduzikabe, poperani mankhwala obwezeretsa DWR, monga Nikwax TX.Direct, pajekete yochapa kale. Izi n'zofunika chifukwa nsalu yakunja ikamwa madzi, nthunzi imasowa podutsira ndipo jekete imazizira n'kuchita mame mkati.

Bowo laling'ono limatsekedwa mkati ndi chigamba chomata, mutadula makona ake mozungulira kuti asatukuke. Tepi yomatuka pang'ono imamatidwa ndi guluu wofewa wa misoko monga Seam Grip, n'kuisiya usiku wonse. Supa guluu amauma gwa n'kuthetheka. Mvula ikatha mu Epulo, ichapeni, iume kotheratu, muipachike. Mukaipinda yonyowa m'pulasitiki mudzaipeza mu Novembala itachita chuku, PU itasupuka.

11. Mukanyowabe, pezani kumene madzi achokera

Vulani jekete mukangofika, muyang'ane malaya asanaume. Kunyowa kofanana mbali zonse ziwiri, pakati pa msana, m'khwapa ndi pachifuwa, ndi thukuta: tsegulani mazipi, chotsani chikwama kumsana, chepetsani zovala zamkati. Kunyowa kotsata mzere, paphewa kapena kumbuyo kwa khosi, ndi msoko: tembenuzani jekete muone tepi ya pamalo amenewo. Mzere wotsika pakati pa chifuwa ndi zipi. Kunyowa kozungulira khosi kokha ndi madzi otsikira m'kolala kuchokera kumutu. Mizere iwiri yotsika m'mapewa ndi malamba a chikwama. Kunsi kwa malaya kukanyowa ndi matope, ndiye kuti mbali ina ya malaya inatulukira kunja kwa jekete n'kumakoka madzi ngati chingwe cha nyali, kapena madigadi akumbuyo ndi aafupi.

Mukakayikabe, valani jeketeyo pamwamba pa malaya otuwa ouma, muime chilili pamvula kapena pansi pa kheni kwa mphindi 10 osachita kanthu. Mukatuluka wouma, jeketeyo ilibe mlandu, ndipo bwererani ku sitepe 4.